Makina akasema chitseko, luso ndi la yani?

Atate a Chikondi (kalipentala, Kalingalinga):
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi nkhani imene yatigawanitsa pakhomo, ndipo ndikufuna ndimve kwa inu amene mumadyera manja anu ngati ine. Mwana wanga wachisamba wandiumirira kuti titenge ngongole tigule makina a CNC, aja amasema thabwa potsata chithunzi cha pakompyuta. Akuti anthu amene akumanga ku Chalala ndi ku Silverest amabwera ndi chithunzi pafoni, akufuna zitseko 6 zamaluwa ofanana ndendende, ndipo akuzifuna sabata yomweyo. Sakunama, maoda otere akutipitirira tikuona. Koma ine ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume ku Katete ndi sowo, puleni ndi tchizulo, ndipo mtima ukukana. Chitseko chikatuluka m'makina, ine n'kungopaka vanishi, kodi ndikadali mmisiri? Dzina langa ndiliike pa chinthu chimene dzanja langa silinaseme?

A Phiri wosema (Kabwata):
Musagule, atate a Chikondi. Ndikunena ine amene ndimaswera ndi kasemasema m'manja. Mlombwa, umene kuno amati mukwa, uli ndi mitsempha yake, pena yowongoka pena yopotana, ndipo ukafika pamfundo tchizulo imakuuza yokha kuti tembenuka, yambira mbali inayo. Phingo ndi wouma gwa, ukaumenya mopupuluma umathetheka. Mbawa ndi wofewerapo, koma ukausema usanaume bwino, pakapita miyezi wang'alukira m'nyumba mwa kasitomala. Zonsezi makina sazimva, amangodutsa pomwe auzidwa. N'chifukwa chake eni makinawo amakonda mabodi a MDF, utuchi wopanikizidwa ndi guluu, poti mulibe mtsempha kapena mfundo. Chitseko chake chimakongola tsiku lochigula. Mvula ikangochinyowetsa kunsi, chatupa, sichitsekekanso.

Nangozo (wojambula pakompyuta, Chilenje):
Pepani a Phiri, ndiloleni mwana ndiyankhepo. Mukuyankhula ngati makinawo amadzuka okha m'mawa n'kuganiza duwa. Duwalo amajambula munthu. Ine ndimakonzera anthu mafayilo oterewa, ndipo ndimayamba ndi pensulo papepala ngati wina aliyense, kenako n'kukalowetsa m'kompyuta mzere umodziumodzi. Ndiye pamafunika kusankha kampeni koyenera, kuya kwake, ndi liwiro. Kampeni kakakhalitsa malo amodzi thabwa limapsa, kakathamanga kamathyoka kapena kung'amba m'mphepete. Amene sadziwa mtengo amawononga matabwa ambiri ndi makina kuposa ndi manja. Ndiye za mlombwa mwanenazo ndi zoona, koma zikutanthauza kuti makinawo akufunika munthu ngati atate a Chikondi, osati kuti awathawe.

Nabanda (telala, Kamwala):
Inetu ndikudabwa nanu azibambo. Nanga Singer yanga ija si makina? Palibe anabwerapo pashopu n'kunena kuti Nabanda si telala poti sasoka ndi singano yamanja. Luso la telala lili pa tepi ndi sizasi. Kuyang'ana munthu n'kudziwa kuti phewa lina latsika, kudula chitenje kuti maluwa akakumane pamsoko wakumbuyo, osati mbalame mutu uku thupi uko. Ovaloko itabwera tinasangalala tonse. Makina opeta mabaji a sukulu atabwera, chimodzimodzi. Chimene chinatigwetsa ife ndi salaula ndi zovala zotchipa zobwera m'makontena, osati makina a m'shopu mwathu.

A Phiri wosema (Kabwata):
Mayi Nabanda, Singer yanu mumaipalasa ndi phazi, nsalu mwaigwira ndi manja awiri. Mukangoyang'ana kumbali msoko wakhota. Ine ndikamasema nkhope, nkhwangwa imodzi yolakwika mphuno yapita, ntchito ya sabata yathera pomwepo. Kuopa kumeneko ndiko kumasunga maso ndi dzanja pamodzi. CNC mumadina batani n'kupita kukamwa tiyi. Zinthu ziwirizi musaziike m'thumba limodzi.

Aphunzitsi a Tembo (opuma, Chelstone):
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma Nabanda watchula chitenje, ndiye ndilowepo.

Chitenje chimene timachiyesa chathuchathu, chimene amayi amaberekera mwana, chimene timafunda pamaliro ndi kuvina nacho pa Kulamba, chinabadwira m'makina. Anthu a ku Java, ku Indonesia, ndiwo ankalemba nsalu ndi phula pamanja, n'kumainyika mu utoto. Azungu a ku Netherlands anafuna kutengera lusolo ndi makina kuti agulitse zambiri motchipa. Kampani ya Vlisco ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846, ndi imodzi mwa zimenezo. Eni ake a ku Java sanazikonde kwenikweni nsalu za makinazo, poti phula linkang'aluka utoto n'kulowerera m'ming'alu. Koma zitafika ku West Africa amayi anazikonda ndi ming'alu yomweyo, n'kuyamba kuuza amalonda mitundu ndi maluwa amene akufuna. Kuno kwathu tinadzakhala ndi mafakitale athu, Kafue Textiles ku Kafue ndi Mulungushi Textiles ku Kabwe, ku Malawi David Whitehead ku Blantyre. Ndiye ndifunse: luso la chitenje ndi la yani? La wa ku Java, la wojambula maluwa kufakitale, la makina odinda, kapena la Nabanda amene amachidula kuti chimukhale munthu?

Chinanso. Chipilala cha ufulu chija chili pa Independence Avenue, munthu akudula maunyolo, chimene tinkachiona pa ndalama zathu zamapepala, chinaikidwa mu 1974 ndipo anachipanga ndi James Butler wa ku Britain. Chipilala chamkuwa chotere wosema sachimaliza yekha. Iye amaumba ndi dongo, ena amapanga chikombole, ena amasungunula chitsulo n'kuthira, ena amalumikiza zidutswa n'kupala. Dzina limatchuka limodzi, manja ndi ambiri. Sindikunena kuti a Phiri akulakwa. Ndikungoti funso la atate a Chikondi ndi lakale kuposa kompyuta.

Nabanda (telala, Kamwala):
Zikomo aphunzitsi. Za ku Java zimenezo ndikawauza anzanga pamzere wathu mawa.

Dalitso (studio, Matero):
Ba Phiri, ine ndili mbali ziwiri zonse, mundimvetse. Nyimbo zambiri zimene mukumva m'mabasi lero zapangidwa ndi mnyamata mmodzi, laputopu, pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio ndi maikolofoni m'kachipinda kokhomedwa masiponji. Popanda zimenezo ine sindikanalowa m'nyimbo, ndalama ya magitala ndi madiramu ndikanaitenga kuti? Komabe pali chinthu chimene chimandivuta. Ng'oma za kwathu, mbalule, mpanje, gunda, ukazijambula kamodzi n'kuziika pamizere ya kompyuta kuti zizibwereza, zimafa. Kulira kwake kulipo koma sizikuvinitsa. Woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovina, amachedwa pang'ono, amathamanga pang'ono, amamuyankha. Ndiponso ng'oma yeniyeni imasintha pamene ikuimbidwa: aiwamba pamoto yakungika, phula lili pakati, ikamazizira mawu akutsika. Kompyuta imawongola zonsezo chifukwa imaziona ngati zolakwa. Masiku ano ndikafuna ng'oma ndimaitana munthu adzaimbe nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo sindiwongola kanthu.

Nangozo (wojambula pakompyuta, Chilenje):
Ndiye wavomereza wekha, Dalitso, kuti wosankha ndiwe. Batani lowongolera lilipo, iwe n'kusalidina. Nanga Auto-Tune, pulogalamu ija yowongola mawu a woimba?

Dalitso (studio, Matero):
Imeneyo ndimaigwiritsa, asisi, sindibisa. Pena monga zokometsera, poti achinyamata amakonda kamvekedwe kake. Koma kwaya ya Dolika kapena ya Chigwirizano ikabwera sindiikhudza n'komwe, amayi aja amalumikiza mawu awo okha ndipo ukangowongola mmodzi onse amamveka achilendo. Chimene chimandiwawa ndi mwana amene sanaimbepo pagulu, sanayesepo kutsata mnzake ndi khutu, akubwera kuti mundikonze. Ndimamukonza, analipira. Tsiku loimba pamaso pa anthu ndiye amalira.

Agogo a Mbewe (Chawama):
Adzukulu, nkhani ya nyimbo mwaifikitsa pakhomo panga. Gitala yanga yoyamba inali banjo ya chigubu cha mafuta, khosi lathabwa, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Anyamata a kalindula besi yawo inali babatoni, ng'oma yaikulu yachikopa yokhala ndi mtengo ndi nsambo zochepa, woimba atakhalira pamwamba. Tinkapanga tokha. Koma musaganize kuti tinkadana ndi zamakono, tinkazilakalaka usiku ndi usana.

Wailesi ndiyo inakweza nyimbo zathu. Muno mu Lusaka munali Central African Broadcasting Station, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire, Saucepan Special, kamene anthu wamba anatha kugula. Malemu Alick Nkhata, amene msewu wodutsa pa Kalingalinga kwanuko atate a Chikondi uli m'dzina lawo, anayamba ayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi, kenako n'kugwira ntchito pawailesipo, kutenga nyimbo za makolo n'kuziika pagitala. Akulu ena nthawi imeneyo ankati akuwononga. Lero timawatcha tate wa nyimbo zathu. M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse pawailesi zikhale za kuno, Teal ku Ndola ikudinda malekodi, dB Studios muno ikujambula, magitala amagetsi akulira m'makomboni monse. Zonsezo ndi makina.

Chimene chinatipha chinabwera pambuyo. Madisko, makaseti okopera, kenako kiyibodi imodzi yoimba yokha besi ndi madiramu. Mwini ukwati anaona kuti kulipira munthu mmodzi kukuposa kudyetsa anthu 6. Sindimuda, ndalama inali itavuta. Koma bandi ndiyo inali sukulu. Mwana ankayamba kunyamula masipika, kenako kupatsidwa chisekese, kenako besi wamkulu akatopa. Bandi itatha, wophunzira analibenso poima.

A Zulu (olemba zikwangwani, Kanyama):
Agogo anena chimene chinali pakhosi panga. Ndiloleni ndilankhule motalikirapo, chifukwa ntchito yanga ndi imene makina anaimeza kale, ndiye ndikudziwa mathero a msewu umene atate a Chikondi akufuna kulowa.

Kale golosale, bala, saluni, bucha, basi, zonse zinkadikira ife ndi bulashi. Mnyamata akabwera kudzaphunzira sindinkamupatsa chilembo. Ankapala khoma, kupaka laimu kapena andakoti, kumenya chingwe cha choko kuti mzere uwongoke, kutsuka mabulashi ndi parafini. Pakapita miyezi ndimalemba m'mphepete mwa chilembo, iye n'kudzaza mkati. Ntchito yotopetsa, yobwerezabwereza, yosafuna nzeru zambiri. Koma m'kudzaza m'menemo ndi mmene dzanja linkaphunzira kuti penti ikachuluka imayenderera, ikachepa imasiya mizere, kuti O ayenera kupitirira mzere pang'ono kuti aoneke wofanana ndi anzake, kuti mpata wa pakati pa A ndi V suyezedwa ndi rula koma ndi diso.

Makina odinda mabana atafika, anthu anati musadandaule a Zulu, makina angotenga ntchito yotopetsa, luso lenileni likhala kwa inu. Zinalidi choncho. Ine mpaka lero ndimapeza ntchito, makamaka makoma a sukulu ndi matchalitchi, chifukwa bana imasuluka ndi dzuwa ndi kung'ambika ndi mphepo ya August, penti yabwino imakhala. Koma ntchito yotopetsa ija ndiyo inali chakudya cha wophunzira. Inkamulipira pang'ono pamene dzanja likukhwima. Itapita, palibe mnyamata amene ndingamusunge, ndilibe choti ndimupatse achite. M'mera mpoyamba, ndipo poyambira pathu ndi pamene makina anatenga.

Ndiye atate a Chikondi, funso lanu loti mukadali mmisiri, ine ndikuti inde, mudzafa muli mmisiri, CNC singakuchotsereni zimene amalume anu anaika m'manja mwanu. Nangozo wanena zoona kuti makinawo adzayenda bwino chifukwa inu mumadziwa mtengo. Funso limene likundiopsa ine ndi lakuti, anyamata amene ali pashedi panu lero, amene amapala ndi kukwecha sandipepa, adzaudziwira kuti mtengowo?

A Phiri wosema (Kabwata):
Eyaa. A Zulu mwalasa. Pano pa Kabwata nyumba zozungulira zaudzu izi zinamangidwa nthawi ya atsamunda kuti muzigona antchito, ndipo mu 1974 zina zinasungidwa kuti amisiri tizigwirirapo ntchito ndi kugulitsa. Bwerani mudzawerenge imvi za amene akusema, muyerekeze ndi zaka za amene akugulitsa. Achinyamata alipo ambiri, koma ochuluka ali pamalonda.

Chikondi (Kalingalinga):
Atate, ndaona kuti nkhani yathu mwaibweretsa pagulu, ndiye ndipemphe akuluakulu andimve nanenso. Ine sindinyoza tchizulo, ndinakulira pa utuchi. Koma lendi ya shedi imakwera, matabwa ku Buseko akwera, alongo anga awiri ali kusukulu. Kasitomala akabwera ndi chithunzi ife n'kunena kuti milungu itatu, amapita kwa wina amene amuuza kuti Lachisanu. Akapita sapita ndi zitseko zokha, amapita ndi makabati a kukhitchini, mawadiropu, zonse. A Zulu, anyamata amene mukuwadera nkhawawo, shedi ikatsekedwa adzaphunzira kuti? Wophunzira amafuna mmisiri amene ali ndi maoda.

A Zulu (olemba zikwangwani, Kanyama):
Mwana wanga, pamenepo sindingakutsutse. Ine ndinakana kugula kompyuta nthawi imene anzanga ankagula, anyamata anachokabe. Kukana kokha sikusunga munthu.

Amake Tamanda (oumba ndi kuluka, Bauleni):
Moni nonse. Ine zanga ndi miphika yamaluwa, mitsuko ndi malichero. Ndingokumbutsa Chikondi chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba. Malaiti ankabwera maola ochepa, kawirikawiri pakati pa usiku. Owotcherera zitsulo ku Garden ndi ku Kalingalinga komweko ankagona pashedi kudikira. Ngongole siyang'ana kuti malaiti kulibe. Uwerengere jenereta ndi mafuta ake usanasaine, ndiponso ufunse kuti kachitsulo kakathyoka kamachokera kuti, kamatenga nthawi yaitali bwanji.

Za luso, ine mapulasitiki anandilanda mtsuko wotungira madzi, sindingapikisane ndi chigubu. Koma madzi a mumtsuko wadongo amazizira okha chifukwa dongo limatuluka thukuta, ndipo nthawi ya malaiti ija anthu anaukumbuka. Foni nayo yandithandiza, ndimajambula katundu n'kuika pa WhatsApp, ndalama n'kulowa pa mobile money. Koma mdzukulu wanga amadziwa kujambula mphika bwino kuposa kusankha dongo.

Nangozo (wojambula pakompyuta, Chilenje):
Zimene a Zulu anena zandigwira, chifukwa tsopano zafika kwa ife. Ntchito zing'onozing'ono zimene ndinaphunzirirapo, kapepala ka maliro, positala ya kitchen party, kuchotsa zakumbuyo pachithunzi, anthu akupanga okha pafoni ndi AI, mapulogalamu aja oti ukangowauza chimene ukufuna amapanga chithunzi. Ine sizinandigwetse, makasitomala akulu akadalipo. Koma mwana wochoka ku koleji ya Evelyn Hone lero ayambira pati?

Ndipo pali china. Munthu wina ananditumizira positala ya ulendo wa ku Kulamba imene anapanga ndi AI kuti ndingoikapo manambala. Zimene zinali pamenepo si gule wathu. Nkhope za kwina, nthenga za kwina, ng'oma zoimbidwa ndi timitengo ngati za bandi ya apolisi. Ndinamuuza kuti izi ku Mkaika akaziona adzakhumudwa. Iye anati zakongola, ndani adziwe?

Agogo a Mbewe (Chawama):
Mdzukulu, wachita bwino kukana. Koma pagulu pano pali olowa ndi osalowa, amayi ndi ana, ndiye za kudambwe tisazitambasule. Ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Gule sakana zatsopano, ayi. Pabwalo pamatuluka Maliya, pamatuluka Simoni, pamatuluka ngakhale chilombo cha galimoto. Eni ake amaona zimene zafika m'dziko n'kuzibweretsa kuti anthu aphunzirepo. Koma amatero ndi eni mwambo, ndi nyimbo yake, ndi chifukwa chake. Chithunzi cha makinacho chilibe mudzi umene chachokera, palibe mfumu imene ingachiyankhire.

Aphunzitsi a Tembo (opuma, Chelstone):
Ndiwonjezere pang'ono pa mawu a agogo. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, chaka chimodzimodzi ndi Makishi a anzathu a ku North-Western. Ndipo kuno tili ndi lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, limene limayendetsedwa ndi PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi umwini wa zopangapanga. Lamulo lilipo, koma makina amene amaphunzira pa zithunzi za pa intaneti ali kutali, ndipo zithunzi zolondola za kwathu ndi zochepa kumeneko poyerekeza ndi za maiko ena. N'chifukwa chake amasakaniza. Ine nkhawa yanga ndi mwana wobadwira muno mu Lusaka amene sanapiteko ku Katete kumapeto kwa August. Iye chithunzi chabodzacho ndicho adzayambe kuona.

Dalitso (studio, Matero):
Ba Tembo, ndi nyimbo chimodzimodzi. Pali mapulogalamu oti ungolemba mawu, nyimbo yatuluka ndi woimba wake. Chinyanja chake chimamveka ngati cha munthu amene wangotsika ndege, koma chaka ndi chaka zikusintha. Ine sindinganame kuti sindikuopa.

Nabanda (telala, Kamwala):
Ine ndibwerere kwa atate a Chikondi, poti funso lawo lachiwiri palibe waliyankha, loika dzina. Kwa ine nkhani ndi kunena zoona basi. Muuzeni kasitomala kuti ichi chasemedwa ndi makina, mtengo wake uwu, ichi ndi chamanja, mtengo wake uwu, asankhe. Ine ndikagulitsa chitenje ndimanena kuti ichi ndi wax, ichi ndi chodinda mbali imodzi, chisuluka. Ndipo a Phiri musakwiye, bodza silinabwere ndi kompyuta. Ndani sadziwa kuti ena amatenga mtengo wofewa n'kuupaka polishi wa nsapato kuti ude bii, n'kuuza mlendo kuti ndi phingo?

A Phiri wosema (Kabwata):
Sindikwiya mayi, mwanena zimene zilipo, ndipo zimatipweteka ife amene timagula phingo weniweni. Onjezani ndi tinjovu tija tothiridwa m'chikombole tobwera m'makatoni, tofanana tonse mpaka kachipsera, togulitsidwa pamodzi ndi zosema ngati n'zamanja. Mlendo akapusitsidwa kamodzi amatiyesa tonse akuba.

Aphunzitsi a Tembo (opuma, Chelstone):
Ojambula anapeza kale njira pa nkhani imeneyi. Malemu Henry Tayali, amene anapanga chipilala cha womaliza maphunziro chija pa UNZA, amene nyumba ya zojambula ku Showgrounds ili m'dzina lawo, ankasemanso zithunzi pathabwa n'kuzidinda papepala. Thabwa limodzi, mapepala ambiri. Mwambo wa ntchito imeneyo ndi wakuti wojambula amalemba pansi pa pepala lililonse ndi pensulo kuti ili ndi lachingati mwa angati, n'kusaina. Wogula amadziwa chimene wagula, ndipo palibe amene amati si luso. Atate a Chikondi mungathe kutero: kuseri kwa chitseko mulembe kuti duwa anajambula uje, anasema makina, anamaliza ndi manja uje.

Chikondi (Kalingalinga):
Zimenezo ndavomera, aphunzitsi. Ndipo a Phiri akudziwa kuti makina amene tingakwanitse ife amasema kuchokera pamwamba pokha, sangalowe kunsi kwa tsamba kuti liime palokha, ngodya zamkati amasiya zozungulira. Pamenepo pamafunabe tchizulo.

A Phiri wosema (Kabwata):
Pamafuna tchizulo ya munthu amene anasemapo tsamba lonse kuyambira pathabwa losalala, mwana wanga. Amene sanatero sadziwa kuti tsamba limapindika bwanji, angokumba dzenje.

Atate a Chikondi (kalipentala, Kalingalinga):
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Takhala pansi ndi Chikondi madzulo ano. Ngongole chaka chino ayi, mawu a amake Tamanda atilowa. Pali anthu mu tauni amene ali ndi makinawo ndipo amalipiritsa pa thabwa, ndiye oda ya zitseko zofanana ikabwera tizitengera kumeneko matabwa athu, mlombwa wouma umene ndasankha ine, osati MDF. Nangozo, tidzakufuna pa mafayilo, koma maluwa ake ndikufuna achokere m'buku langa lakale la mapatani, osati a pa intaneti amene aliyense ali nawo. Mafelemu, kulumikiza matabwa ndi kumaliza zikhala pashedi. Tikaona kuti maoda akukwanira kubweza ngongole, tidzakambirananso.

Za anyamata, a Zulu, sindinagone nazo. Ndili nawo awiri. Ndaganiza kuti oda iliyonse ya makina izichotsa kandalama kolipirira tsiku limodzi pasabata loti iwo asamagwire za kasitomala, azisema zidutswa zotsala ndi manja. A Phiri, kodi mungawalandire Loweruka lililonse? Ine maluwa a pachitseko ndimatha, koma nkhope ndi nyama ndi zanu.

A Zulu (olemba zikwangwani, Kanyama):
Tsiku limodzi ndi lochepa, koma ine ndinalibe ngakhale limenelo. Chikondi, kandalama kameneko ukalembe m'buku ngati lendi, mwezi ukavuta ndi kamene mudzayambe kudula.

A Phiri wosema (Kabwata):
Abwere. Koma ndinene poyera kuti pasadzakhale kudandaula. Mwezi woyamba sakhudza mtengo wabwino, azinola zitsulo pamwala ndi kusema zipande za mtengo wofewa mpaka ziwiri zifanane. Foni m'thumba. Chakudya chamasana ndi basi ndi zanu atate a Chikondi, ine ndipereka malo ndi nthawi. Ndipo ndiyambe ndakamba ndi anzanga a komiti pano, malowa si anga ndekha.

Nabanda (telala, Kamwala):
A Phiri, nanga atsikana? Mwana wa mchemwali wanga anamaliza Grade 12, singano saifuna, amangojambula nkhope za anthu m'makope. Kapena kasemasema ndi wa amuna okha?

A Phiri wosema (Kabwata):
Sindinaphunzitsepo mtsikana, mayi, koma palibe lamulo loletsa. Abwere ndi makope akewo ndione mmene amaonera mphuno ndi makutu. Avale nsapato zotseka, zitsulo zimagwa.

Nangozo (wojambula pakompyuta, Chilenje):
Ngati malo alipo, a Phiri, mundiwerengere nanenso. Atate a Chikondi, buku la mapatanilo musalitumize pafoni, ndibwera ndidzalione pashedi Lachitatu ndikaweruka, ndikufuna ndidzayeze ndi kuya kwa maluwa pa chitseko chimene munasema kale.